Namsulu ndi Mphasa ya Kakowa

Padangokhala, ndipo vomerani kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ndikamainena ndekha imandipsetsa mtima.

Padali nyama zimene zidagwirizana kumanga sukulu imodzi yapamwamba, yoti mwana akatulukamo azikhala sing'anga, woweruza milandu kapena wodziwa za mvula. Idali sukulu ya onse. A ziboda, ndiye kuti Njati, Ngoma, Mphalapala ndi abale awo, adapereka maganizo. A m'mauna, ndiye kuti Msulu, Mfuko, Khoswe ndi anzawo ogona pansi pa nthaka, adakumba dothi, kuponda matope ndi kuumba njerwa mpaka zikhadabo kutha. Tsiku lotsegulira, opereka maganizo aja adakhala pamipando, oumba njerwa adakhala pansi n'kumawomba m'manja.

Malo m'sukulumo adali ochepa, choncho padafunika mayeso. Wapampando wa komiti adali Njati, mwini dambo ndi zitsime zonse. Mphunzitsi wamkulu adali Kakowa, mbalame ya mkanjo woyera mbee, yoyenda monyang'wa ngati siidziwa ndowe, chonsecho imaswera pakati pa ndowe.

Kakowayu adakonza mwambo wa mayeso umene ankaunyadira kwabasi. Chaka chilichonse ankamangitsa msasa wa udzu, kutsogolo kwake n'kupachikako mphasa. Mwana ankalowera kumbuyo yekhayekha, atavekedwa chipanda chobooka pakamwa kuti mawu a ana onse azimveka mofanana. Kakowa ankafunsa mafunso ali kunja kwa mphasa, pamaso pa khamu lonse. Akakhutira ndi yankho, ankazula nthenga yake yoyera n'kuilowetsa pa kabowo ka mphasayo. Akapanda kukhutira, ankalowetsapo khala. Mwana sankaloledwa kunena kanthu kena koma mayankho okha, ndipo akatha ankakadikira mumpanda wa kumbuyo ali chete kufikira ng'oma italira. Ikalira ng'omayo, ana onse ankatuluka, aliyense atanyamula chimene walandira.

"Ine sindiona nkhope, sindiona ubweya, sindiona mtundu," ankatero Kakowa. "Ndimangomva nzeru basi."

Koma chaka ndi chaka nthenga zinkatuluka ndi ana a ziboda, makala n'kumatuluka ndi ana a m'mauna. Ukafunsa chifukwa chake, ankakuuza kuti ana a m'mauna mitu yawo njouma.

Tsono padali mayi wina wa mtundu wa asulu, dzina lake Namsulu. Ankachita ganyu wokumba zitsime za Njati, ndipo msana wake udapindika asanakalambe. Adali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona, mwana woti ukamuuza chinthu kamodzi wagwira, mawa lake n'kukufunsa funso loti iwe wamkulu uyambe kukanda m'mutu. Lamulo linkati mwana ayese katatu kokha. Akalephera kachitatu, basi, akatenge ntchito ya makolo ake. Namsulu ankayang'ana zikhadabo zake zakuthazo, n'kuyang'ana za mwana wake zikadali zosongoka, ndipo ankalumbira mumtima kuti mwana ameneyu sadzakalambira m'chitsime cha Njati.

Chaka choyamba chidafika. Namsulu adakhala pansi pakati pa amayi anzake, makutu ali tcheru. Ana adalowa, ana adatuluka. Kenaka adamva kakutsokomola kakang'ono kuseri kwa mphasa, ndipo adadziwa kuti walowa ndi wake, pakuti chipanda sichingasokoneze mayi.

"Mvula yoyamba ikagwa, tidzale kapena tidikire?" adafunsa Kakowa.

"Tidikire, aphunzitsi. Imeneyo ndi chizimalupsa, imangozimitsa moto wa m'tchire. Pamwamba pamanyowa koma pansi pamakhala pouma, ndiye mbewu zingafere m'nthaka."

Kakowa adayasamula, natola khala.

Ng'oma italira, Ndaziona adatuluka ndi khala lake, maso ali pansi. Namsulu sadadikire kuti khamu libalalike.

"Aphunzitsi, mwana wanga walakwa pati?"

"Yankho lake ndi losapsa, mayi."

"Ndi loona kapena labodza?"

"Kukhala loona kokha sikokwanira. Yankho limayenera kumveka kuti lachokera kwa mwana wophunzira. Lakelo lilibe kulemera."

"Kulemerako mumakuyeza ndi chiyani?"

Apo Njati adadzuka pampando, mphuno zikufuka. "Iwe mayi, ng'oma yalira kapena siinalire?"

"Yalira, bwana."

"Ndiye ukufuna chiyani? Tatopa nawo madandaulo anu a chaka ndi chaka. Imvani nonse, ndikukhazikitsa lamulo lero: ng'oma ikalira, nthenga ndi nthenga, khala ndi khala. Palibe wobweza. Ngakhale ine amene sindingabweze."

A ziboda adawomba ziboda zawo pansi kuvomereza. Namsulu adagwira mwana wake padzanja, ndipo ali m'njira adayamba kuimba. Idali nyimbo yaifupi, yokwera poyambira n'kugwa mwadzidzidzi kumapeto, yonga ya pamtondo. Inkafunsa mphasa kuti, popeza akuti ilibe maso, imawadziwa bwanji ana a eni dambo. Amayi ena a m'mauna adaivomera chapansipansi mpaka aliyense atalowa kuuna kwake.

Patapita masiku, Namsulu adamva kuti chakumadzulo Kakowa amaphunzitsa ana ena mwapadera patsinde pa mkuyu. Adasamba, nasambitsa mwana wake, napita. Adapeza Kakowa ataima pamsana pa Njati, akujompha nkhupakupa, ana a ziboda atamuzungulira. Pakati pawo padali mwana wa Njati yemwe, dzina lake Tsogolani, amene adayamba maphunzirowa akadali kuyamwa ngakhale kuti nthawi yake ya mayeso idali isanakwane.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi wanga kuti azimvera nawo."

"Malipiro mukuwadziwa, mayi?"

"Nenani, ndimve."

"Nkhupakupa. Zonenepa, za pamsana pa kholo la mwanayo. Ine ndimaphunzitsa nditaima pamsana pomwepo, ndikudya."

"Msana wanga ndi waung'ono, aphunzitsi, muli utitiri wokhawokha. Koma ndikhoza kumakubweretserani ziwala tsiku lililonse."

"Utitiri!" Kakowa adaseka chikhakhali, ana aja n'kuseka nawo. "Mundimvetse, mayi, ine sindikana mwana wa munthu aliyense. Khomo langa ndi lotsekula kwa onse amene ali ndi nkhupakupa."

Namsulu adathokoza mwaulemu, nabwerera. Ulemu umenewo udali wa pakamwa chabe, mumtima munkayaka moto. M'mawa mwake adayamba kukumba una kuchokera kuseri kwa chulu mpaka pansi penipeni pa mkuyu uja, n'kusiya kabowo pakati pa mizu. Kuyambira pamenepo Ndaziona ankathandiza mayi ake kukumba zitsime m'mawa, chakumadzulo n'kukagona chafufumimba muunamo, dothi la ziboda za anzake likumuthothokera m'maso, iye akumvera. Adaloweza zonse, mpaka malo amene Kakowa ankapumira polankhula.

Chaka chachiwiri chidafika. Funso lidali lakuti, "Awiri akakangana pa chitsime, woweruza ayambe ndi chiyani?"

Mwana wina adayankha kuseri kwa mphasa, "Ayambe ndi kuwamwetsa onse awiri, kuti alankhule mitima itazizira."

"Eeetu!" adatero Kakowa, maso atatsinzina. Adazula nthenga.

Padalowa wina. Namsulu adamva kakutsokomola kaja. Funso lidali lomwelo, ndipo Ndaziona adayankha, "Ayambe ndi kuwamwetsa onse awiri, kuti alankhule mitima itazizira." Mawu omwewo, kapumidwe komweko, osachotsapo kanthu.

Kakowa adatola khala.

Namsulu adafuna kukuwa, koma adadziluma lilime. Adaleka kumvera mayankho, nayamba kupenyetsetsa khosi la Kakowa. Apo ndi pamene adachiona chinthucho. Mawu akamachokera chapamwamba pa mphasa, Kakowa ankakweza mlomo, kutsinzina, n'kumagwedezera mutu ngati akumva kukoma kwa uchi. Mawu akamachokera chapansi, pafupi ndi nthaka, ankakwinya nkhope, ndipo phazi lake linkayamba kufunafuna khala mwana asanafike n'pakati pa yankho. Namsulu adapenya mwana ndi mwana mpaka wotsiriza, ndipo sizidaphonye ndi kamodzi komwe.

Ng'oma italira, adapita kwa Kakowa, ulendo uno payekha, chifukwa ankaganiza kuti mwina akauzidwa bwinobwino amva.

"Aphunzitsi, mphasa yanu ilibe maso, ndavomera. Koma inuyo muli ndi makutu, ndipo makutu anu amayeza msinkhu. Mawu akachokera m'mwamba mumazula nthenga. Akachokera pansi mumatola khala."

"Mukuti chiyani, mayi?"

"Mwana wa Ngoma ndi wanga ayankha chimodzimodzi lero. Wina nthenga, wina khala."

"Mawu akhoza kufanana, koma wina amanena zimene akuzimvetsa, wina amangobwereza zimene watola. Khutu lophunzira limasiyanitsa."

"Limasiyanitsa bwanji, aphunzitsi?"

"Ine ndaphunzitsa zaka zambiri!" Nthenga za Kakowa zidaimirira. "Mphasa ija ndidaipachika ndine, ndi mlomo wangawu, kuti pasakhale kukondera. Lero mukunditukwana chifukwa mwana wanu ndi mbuli? Chokani!"

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani imeneyi n'chakuti Kakowa sankanama. Akadakhala wakuba wodziwa kuti akuba, bwenzi zili bwinoko, wakuba amachita manyazi ukamugwira. Koma iyeyu adakulira pamisana ya a ziboda. Malamulo onse amene adawamvapo ankachokera m'mwamba, ndipo mawu onse opempha ganyu ankachokera pansi. Khutu lake lidazolowera zimenezo iye osadziwa, ndipo ankagona tulo tabwino podziona ngati mbalame yachilungamo kuposa zonse.

Namsulu adabwerera akuimba nyimbo ija, koma adaisintha mawu. Sinkafunsanso mphasa, inkafunsa makutu a mphunzitsi kuti adaphunzira kuti ntchito yoyeza msinkhu. Ulendo uno adaivomera ndi amayi ochepa. Enawo adatseka pakamwa poopa kuti Njati angawachotse ganyu.

Atafika kuuna, Ndaziona adaponya khala lija pakona. "Amayi, tisadzapitenso. Mwina n'zoona kuti mutu wanga ndi wouma."

"Ukadzanenanso mawu amenewo ndidzakukoka makutu," adatero Namsulu. "Watsala ndi ulendo umodzi. Ulendo umenewo ndi wanga."

Mlonda wa sukuluyo adali Njiri. Njiri ali ndi ziboda, koma ndi wamfupi ndipo amagona kuuna, choncho a ziboda sankamuwerengera ngati mbale wawo. Ndiye amene ankayang'anira ntchito yomanga msasa wa mayeso chaka chilichonse, ndiyenso ankaveka ana chipanda pakhomo la kumbuyo. Nyengo ya mayeso itayandikira, Namsulu adamupeza akumweta udzu.

"Achimwene, ana anu angati adalandira nthenga?"

"Mlongo wanga, wabwera kudzandiseka? Makala amene ana anga abweretsa kunyumba ndikhoza kuwotchera chimanga chaka chonse."

"Chaka chino msasa timange tonse. Ganyu wanga musandilipire."

Njiri adaleka kumweta. "Iwe ukagwira ntchito yaulere ndiye kuti wina alira. Nena."

Namsulu adamufotokozera zimene adaona pa khosi la Kakowa, kenaka adamunong'oneza zimene ankafuna. Mkati mwa msasa akumbemo dzenje lotsetsereka, lakuya moti mwana wa njati akatsikiramo pakamwa pake pazilingana ndi nthaka. Pambali pa dzenjelo, pafupi ndi mphasa, azikepo nsichi yaitali yokhala ndi mphanda zokwerera, yofika pamene pamafika mutu wa mwana wa ngoma.

"Bwanji osangokweza ana athu kuti alingane ndi enawo?" adafunsa Njiri.

"Akalingana, Kakowa adzapeza china choyezera, ndipo adzapitiriza kugona tulo. Ndikufuna alawe okha khala lawo."

"Nanga ana a ziboda akakuwa kuti muli dzenje?"

"Lamulo likuti mwana asanene kanthu koma yankho. Lamulo limenelo adapanga ndi makolo awo, ndipo ana amenewo amamvera malamulo kwambiri."

Njiri adaseka mpaka kugwada. Awiriwo adagwira ntchitoyo dzuwa likuswa mtengo, osabisala, chifukwa waganyu akamagwira ntchito palibe amamuyang'ana. Njati yekha ndiye adadutsa pamenepo, naona mulu wa dothi kuseri kwa msasa.

"Dothi lonseli ndi la chiyani?"

"Tikukonza pansi, bwana, kuti ana aime bwino," adayankha Namsulu atagwada.

"Mwaganiza bwino. Chaka chino akuyesa nawo Tsogolani, ndiye ndisamve zoti wapunthwa." Adapitirira osasuzumira n'komwe.

Namsulu adayenda una ndi una kuuza amayi kuti ana awo akalowa mumsasa akakwere nsichi mpaka pamwamba asanayankhe. Koma kunyumba kwake komwe ndiko kudali kovuta.

"Amayi, kumeneku si kuba?" adafunsa Ndaziona.

"Funso ukulidziwa?"

"Ayi."

"Yankho ndakupatsa?"

"Ayi."

"Ukayankha ndi mutu wako womwewu umene wakhala ukuyankha nawo zaka zonsezi. Anzako aja adabadwa ndi nsichi yawo m'miyendo, palibe adawatcha akuba. Iwe yako ndakudulira kutchire. Kwera."

Tsiku la mayeso lidafika. A ziboda adakhala pamipando, a m'mauna adakhala pansi, Kakowa adaima patsogolo pa mphasa yake atawala. Namsulu adakhala pakati pa amayi anzake.

Mwana woyamba adalowa. Padamveka kukwasakwasa, kenaka chete.

"Mvula yoyamba ikagwa, tidzale kapena tidikire?"

Yankho lidachokera pamwamba penipeni pa mphasa. "Mvula ndi madzi, aphunzitsi."

Namsulu adagwira pakamwa. Ameneyo adali mwana wa Khoswe, mtsikana wokoma mtima koma woti sukulu idamudutsa patali. Kakowa adakweza mlomo, natsinzina.

"Mwamva? Mvula ndi madzi! Ena akadathamangira kudzala kapena kudikira, koma uyu wafika pa gwero penipeni pa funso. Kuzama kwake!" Adazula nthenga.

A ziboda adawomba ziboda. Njati adatembenukira kwa Ngoma nati, "Mwana woleredwa bwino amamveka, achimwene."

Zidapitirira choncho. Mawu a m'mwamba nthenga, mawu a pansi khala. Kenaka padamveka mwana wolemera akutsetsereka, ndipo yankho lidatulukira pansi pa mphasa, pafupi ndi fumbi.

"Awiri akakangana pa chitsime, woweruza ayambe ndi chiyani?"

"Ayambe ndi kuwamwetsa onse awiri, kuti alankhule mitima ita..."

"Aaa, ana a m'mauna awa," adadula mawu Njati ali pampando wake, mokweza kuti onse amve. "Kungoloweza basi, osadziwa chimene akunena. Mpatseni khala, aphunzitsi, dzuwa likutitentha."

Kakowa adali atatola kale khalalo.

Chakumapeto Namsulu adamva kakutsokomola kaja, ndipo ulendo uno kadachokera m'mwamba. Kakowa adafunsa za mvula yoyamba. Ndaziona adayankha monga adayankhira chaka choyamba chija, za chizimalupsa ndi nthaka yonyowa pamwamba pokha, osawonjezera ngakhale liwu limodzi. Kakowa adatambasula mapiko ndi chimwemwe.

"Chiyambire uphunzitsi wanga sindidamvepo yankho lakupsa ngati ili!" Adasankha nthenga yaitali ya paphiko, naizula.

Namsulu sadasangalale. Misozi idatsika, koma idali ya ukali, pokumbukira kuti mawu omwewa adatchedwa osapsa, ndipo mwana wake adagona muuna chaka chathunthu dothi likumugwera m'maso chifukwa cha khutu la mbalame imeneyi.

Njati adadzuka yekha, natenga ndodo, naimba ng'oma mwamphamvu. Njiri adatsekula mpanda.

Adayamba kutuluka ndi ana a m'mauna, aliyense nthenga yoyera ili m'manja. Pambuyo pawo padatuluka ana a ziboda atazyolika, matope ali m'mawondo, aliyense ataluma khala. Tsogolani adalavula khala lake pamapazi pa bambo ake n'kuyamba kulira.

"Bambo, ndinayankha zomwe aphunzitsi adatiuza! Ndipo ndinakumvani, inuyo ndi amene munati andipatse khala!"

Njati adatembenukira kwa Kakowa, maso ali psuu. "Iwe! Wadya nkhupakupa zanga kuyambira mwanayu akuyamwa. Yankho limene udamuphunzitsa uli pamsana panga, lero walikana?"

"Bwana, sizingatheke, mawu aja anali... anachokera..."

"Anachokera kuti, aphunzitsi?" adafunsa Namsulu. Adali ataimirira kale pafupi ndi msasa. "Malizani. Anachokera kuti?"

Namsulu adaluma chingwe chopachikira mphasa, mphasayo idagwa pansi, ndipo onse adaona dzenje ndi nsichi.

"Kuba!" adakuwa Kakowa. "Aba mayeso!"

"Taba chiyani?" Namsulu adalankhula mokweza, ndipo kwa nthawi yoyamba a pamipando adaweramira pansi kuti amumve. "Mafunso mwafunsa nokha. Mayankho mwamva nokha. Nthenga mwazula nokha pathupi panu, makala mwatola ndi phazi lanu. Ife tangosintha poima ana. Mwana wa Khoswe wakuuzani kuti mvula ndi madzi, inu mwati wafika pa gwero. Mwana wa bwana wakuuzani mawu anu omwe, inu mwati ndi mbuli. Wanga wakuuzani zimene adakuuzani chaka chija, lero mwati n'zakupsa. Zapsa liti? Zapsera pa nsichi? Njerwa za sukulu iyi tidaumba ndife, zikhadabo zathu zidathera pamenepa, ndipo zaka zonsezi mwakhala mukutibwezera ana athu ndi makala, n'kumatiuza kuti mitu yawo njouma. Ena adakhulupirira. Ena ali m'zitsime zanu lero, bwana, akukalamba, akudziyesa mbuli!"

"Mayeso abwerezedwe!" adabangula Njati.

"Bwana, ng'oma yalira kapena siinalire?"

Njati adayang'ana ndodo imene idali ikadali m'manja mwake. Adayang'ana Ngoma, Ngoma adayang'ana kumbali.

"Yalira," adayankha Njiri ali kumbuyo. "Tonse taimva."

Namsulu adayambitsa nyimbo ija kachitatu, ndipo sadafike n'kumapeto kwa mzere woyamba amayi onse a m'mauna atailanda, ndi aja omwe ankaopa ganyu. Sinkafunsanso kanthu tsopano. Inkauza mphasa kuti igone pansi pomwe yagwerapo, ipume, yabisa zokwanira. Adaimba akuvina, fumbi likukwera mpaka kudetsa mkanjo wa Kakowa.

Musaganize kuti a ziboda adachita manyazi nthawi yaitali. Komiti idakumana mawa lake lomwe. Lamulo la ng'oma sakadalibweza, choncho ana a nthenga adalowa. Koma komitiyo idapezanso kuti m'sukulumo muli malo ena apadera a ana a mamembala a komiti, malo amene palibe adawamvapo chiyambire, ndipo Tsogolani ndi anzake adalowera khomo limenelo makala awo atawataya kudzala. Pansi pa msasa wa mayeso adayalapo miyala kuti pasadzakumbikenso. Njiri adachotsedwa ntchito. Namsulu adaletsedwa kuyandikira zitsime, moti ankadya zotolatola. Kakowa adakhalabe mphunzitsi wamkulu, ndipo ankauza aliyense kuti tsiku lija adali ndi chimfine, makutu adatsekeka.

Namsulu sadadandaule za ganyu. Mwana wake adali m'sukulu, ndipo ankagonera komweko. Njala ikamuluma, ankangokumbukira zimenezo.

Nthawi ya tchuthi itakwana, Ndaziona adabwera kunyumba. Adali atakula, ubweya ukuwala. Namsulu adamukumbatira, namukhazika pakhomo pa una, namupatsa ziwala zimene adamusungira.

"Tandiuza, mwanawe, sukulu ikuyenda bwanji?"

Ndaziona adasiya chiwala. Adadzuka, naimirira njo pa miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ili lendee pachifuwa, nasolola khosi mpaka mitsempha kuoneka. Ali choncho ndi pamene adayankha kuti, "Ikuyenda bwino, amayi."

"Ukutani?"

Mwanayo adadziyang'ana ngati wadzidzimuka kutulo. "Pepani, amayi. M'kalasi ndikayankha ndili pansi, aphunzitsi samandimva. Mnzanga wa ziboda akabwereza zomwe ndanenazo, amayamikira iyeyo. Ndiye ndidaphunzira kuimirira chonchi. Ndikatero amandimva pang'ono."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse. Miyendo imawawa, koma umazolowera."

"Pano si m'kalasi. Tsika."

Ndaziona adatsika, natola chiwala chake.

"Nanga amakudyetsani chiyani kumeneko?"

Mwanayo adaimiriranso njo, khosi n'kusololoka, asanatsekule n'komwe pakamwa.

Namsulu adamugwira mapewa ndi zikhadabo zake zakuthazo, namukokera pansi, nkhope yake pafupi ndi ya mwanayo. "Ndaziona! Ndine mayi ako. Ndidakumva uli m'mimba. Ndidakumva kuseri kwa mphasa, chipanda chili pakamwa. Ine ndimakumva uli pansi!"

"Ndikudziwa, amayi," adatero Ndaziona, ndipo Namsulu adamva pansi pa zikhadabo zake mapewa a mwanayo akukankha, akufuna kukwera.

Adamusiya. Adalowa kuuna, nakhala nkhope italoza kukhoma, mano akukukuta. Nsichi ija adaidula kuti ikhale ya tsiku limodzi, ndipo sadadziwe kuti mwana wake adzaikwera moyo wake wonse.

Ndaziona adamaliza sukulu, nakhala woweruza milandu wodziwika, ndipo milandu yonse adaiweruza ali chiimire pa miyendo iwiri. Ana ake adaonera kwa iye, adzukulu adaonera kwa anawo. Mpaka lero ukakumana ndi msulu, ukangoima n'kuuyang'ana, umadzuka njo n'kusolola khosi. Usamati ukusewera. Ukuganiza kuti ufunsidwa funso, ndipo ukuopa kuti uli pansi sumveka.

Nthano yanga yathera pano, koma mtima wanga sudazizire.